Kachingwe ka Pansi pa Lilime

Dzina langa ndi Ramiro Barría,
koma chibadwire sindinalitchulepo bwinobwino.
Ma R atatu, timiyala titatu mu nsapato imodzi.
Bambo anandipatsa dzina lofuna lilime lothamanga,
mayi anandibereka ndi lilime lomangirira.

Ndimang'amba matikiti pa pantoni ya ku Chacao,
kuwolotsa malole a nsomba ndi mabasi a alendo.
Ntchito yondiyenera:
mphepo ya panyanja imameza theka la mawu a aliyense,
ndiye palibe amazindikira kuti anga amatsimphina.

M'mwezi wa Juni mdzukulu wanga Amaro anakana bere.
Iye kulira, mayi ake kulira, mkaka ukutayikira m'malaya.
Namwino anamukanula kukamwa ndi chala chimodzi,
sizasi inadula kamodzi, kadontho ka magazi,
pofika madzulo mwana akuyamwa ngati wobwezeredwa ngongole.
Kenako namwino uja anandicheukira:
"Agogo, takwezani lilime."
Silinakwere.
Nsonga inangopindika ngati mtima wojambula mwana wa sukulu.

Dokotala Oyarzún wa ku Puerto Montt sanapite m'mbali:
mphindi makumi awiri, jakisoni wa dzanzi, ulusi wosungunuka wokha,
sabata yathunthu ya supu wozizira,
kenako miyezi yophunzitsa lilime pagalasi,
ine wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.
"Nsagwada zidzapepuka, mwina mkonono udzachepa.
Koma R uja sindikulonjezani.
Galu amene wakulira pachingwe
umamumasula, iye n'kugonabe pomwepo."

Fomu ili pachitseko cha firiji,
malo osainira akadali mbee.

Griselda akuti ndisapite.
Akuti usiku uja wa gule ku Ancud
anamva dzina lake likutuluka mkamwa mwanga lofewa, lopanda minga,
ndipo sakufuna kudzuka ndi mawu a mlendo papilo.
Mwana wanga akuti ndipite, ndalama alipira yekha.
Onse awiri amalankhula mosadodoma.
Ine ndimangotafuna buledi.

Masana ndimawerenga zimene kachingweka kanandilanda:
ayisikilimu amene ndimaluma ndi mano anzanga akunyambita,
kanyama kotsalira kuseri kwa dzino
kamene ndimakatola ndi chala, mobisa, ngati wakuba,
aphunzitsi a Cárcamo akundiimika pabenchi
kuti nditchule perro, galu, kakhumi,
kalasi yonse ikuuwa.

Koma usiku ndimawerenga zina.
Pamaliro a bambo sindinaimirire kulankhula,
anthu anati musiyeni, ndi lilime.
Tsiku la ukwati wa mwana wanga ndinangokweza tambula.
Mchimwene wanga Heraldo sindinamupepese za boti lija
limene ndinagulitsa iye ali m'chipatala;
zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikudziuza
kuti mawu aatali amandivuta.
Si mpeni umene ndikuopa.
Akadula, ndidzanamizira chiyani?

Lero m'mawa pantoni isananyamuke
ndinadzitsekera m'chimbudzi, injini ikunjenjemeretsa galasi,
ndinayasamula.
Kanthu koyera, kopyapyala kuposa ulusi wa ukonde,
kosakwana ngakhale chikhadabo.
Kameneka ndi kamene kandigwira padoko moyo wonsewu?
Kapena ndine amene ndakagwira?

Kapitawo analiza hutala.
Ndinathamanga kukamasula chingwe chenicheni,
chonenepa ngati mkono, chonyowa, chonunkha ndere.
Manja anga amadziwa mfundo iliyonse,
sanafunsepo munthu kuti kumasula n'kotani.
Chitsulo chinabuula, madzi analowa pakati pa ife ndi mtunda.

M'thumba lakumanzere muli cholembera.
M'thumba lakumanja muli foni,
nambala ya Heraldo sindinaifufute.
Kutsidya n'kwa theka la ola.
Ndaima pakati pa malole, mvula ikuwaza,
lilime likugogoda kuseri kwa mano,
ndipo sindikudziwa thumba loyamba kupisa.